Ma stem cell a chiberekero: thandizo lenileni kapena kutaya ndalama?

Mayi wa kuno ku Mangochi akayamba kufufuza za kusabereka pa Facebook, sachedwa kukumana ndi zipatala za kunja, zambiri za ku India, zimene zimati zimakonzanso chiberekero ndi ma stem cell, maselo a m'thupi amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina n'kukonza malo owonongeka. Chithandizochi chilipodi ndipo madokotala enieni akuchifufuza. Koma mmene chikugulitsidwira, ife tikuona kuti amayi ambiri a kuno angataye ndalama pa vuto limene alibe n'komwe.

Chimene akuti amakonzacho ndi khoma la m'kati mwa chiberekero, lija limakhuthala mwezi ndi mwezi n'kuyoyoka ngati msambo mayi akapanda kutenga pathupi. Mluza umamatirira pamenepo. Adokotala amaliyeza ndi sikani yolowetsa kumaliseche, masiku oyandikira kutuluka kwa dzira, cha pa tsiku la 12 mpaka 14 kwa amene msambo wake umabwera pakatha masiku 28. Likapezeka losakwana mamilimita 7 amati ndi lopyapyala. Chimene chimaliwononga kwambiri ndi zipsera zomatanitsa makoma a chiberekero, matenda amene madokotala amawatchula kuti Asherman. Zipserazi zimabwera mayi akatsukidwa m'chiberekero atapita padera kapena nsengwa itatsalira, makamaka ngati panalowanso matenda, komanso TB ikafika m'chiberekero. Chizindikiro chake n'chodziwika: mayi amene ankasamba masiku anayi kapena asanu, atangotsukidwa msambo umangodontha tsiku limodzi kapena kusiyiratu.

Kachitidwe kake kali pangapo. Ena amayamwa mafuta a m'fupa la m'chiuno ndi singano yokhuthala, n'kuwasefa, maselowo n'kuwabaya pansi pa khoma la chiberekero. Ena amabaya mayi jakisoni wa G-CSF kwa masiku anayi kapena asanu kuti maselo achoke m'mafupa alowe m'magazi, kenako makina amawapatula, n'kuwabweza kudzera pa kachubu kolowa mu mtsempha wa m'mphechepeche mpaka ku mitsempha ing'onoing'ono ya chiberekero. Ku China ayesanso maselo ochokera m'magazi a msambo ndi mu mchombo wa khanda. Palinso zipatala zimene zimangozunguza magazi a mayi pa makina n'kuthira madzi ake m'chiberekero. Imeneyo ndi PRP, si ma stem cell, ngakhale pa zotsatsa amaziika mu thumba limodzi.

Nanga zimagwira? Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri anachitikira ku Valencia m'dziko la Spain ndipo anatuluka mu 2016. Anali wa amayi 16 okha. Mwa amene anali ndi zipsera, khoma linakhuthala kuchoka pa mamilimita 4.3 kufika pa 6.7, msambo unabwerera, ena anatenga pathupi. Koma pofika miyezi isanu ndi umodzi msambo uja unayambanso kuchepa, ndipo panalibe gulu lina la amayi osalandira maselo loti ayerekeze nalo. Pamwamba pa apo, zipsera zimayamba zadulidwa kaye, ndiye n'kovuta kunena kuti chathandiza ndi lumo kapena maselo. N'chifukwa chake bungwe la akatswiri a zobereka la ku Ulaya, ESHRE, mu 2023 silinavomereze kuti ma stem cell aziperekedwa kwa amayi a khoma lopyapyala ngati mankhwala a masiku onse. Khoma kukhuthala pa sikani si mwana kumsana ayi.

Zovuta zake otsatsa sazinena mokweza. G-CSF amapweteketsa mafupa ndi mutu, ndipo nthawi zina amatupitsa kapamba. Pobaya paja pangathe kutuluka magazi kapena kulowa tizilombo, ndipo maselo akasungidwa mu labotale yosasamala amaipitsidwa. Choopsa kwambiri chimabwera pathupi pakatheka: chiberekero chimene chinali ndi zipsera chimatha kugwira nsengwa mozama n'kukana kuitulutsa, mayi n'kutaya magazi ambiri pochira. Woteroyo achirire pa chipatala chokhala ndi fiyeta ndi magazi, osati pa chipatala chaching'ono cha ku Makanjira kapena Katuli.

Vuto lalikulu kwa ife a m'mbali mwa nyanja lili pena. Mabanja ambiri osabereka, chiberekero chilibe mlandu. Kawirikawiri ndi machubu a mazira amene anatsekeka ndi chinzonono kapena matenda ena opatsirana pogonana, ndipo maselo othira m'chiberekero satsegula chubu. Likodzo, limene aliyense wochapa ndi kusamba ku Nyanja ya Malawi, ku Malombe kapena mu Shire angalitenge, limaikira mazira ake pa khomo la chiberekero ndi m'machubu. Mayi amaona chikazi chachilendo, magazi akatha kugonana, ululu m'chinena, n'kumapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana kangapo osachira, pamene chofunika chinali praziquantel, mankhwala a likodzo. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amapyapyalitsa khoma, ndipo mayi akasiya zimatha kutenga pafupifupi chaka kuti abwerere mwakale. Mapiritsi a clomiphene, amene ena amagula okha ku famase kuti mazira atuluke, nawonso amapyapyalitsa khoma lomwelo. Ndiye pali abambo. Achibale amathamangira kuloza mkazi, koma kuyeza umuna ndiko kotchipa kuposa zonse: bambo amadziletsa masiku awiri mpaka asanu ndi awiri, n'kupereka umuna ku labotale, basi.

Choncho banja limene latha chaka osatenga pathupi liyambe pa chipatala cha boma cha Mangochi, onse awiri, ndipo kukafunika akatswiri atumizidwe ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre. Ayeze umuna, mkodzo ndi khomo la chiberekero, sikani pa tsiku loyenera, ndi ekisire ya HSG yoona machubu, imene imajambulidwa msambo utangotha. Zipsera zimatsimikizika ndi hysteroscopy, kakamera kolowa pa khomo la chiberekero. Pomwepo adokotala amazidula, n'kusiya kabaluni kapena lupu kuti makoma asamatirirenso, mayi n'kumwa mankhwala a estrogen othandiza khoma kumeranso kwa masabata angapo, kenako n'kudzaonedwanso chifukwa zipsera zazikulu zimakonda kubwerera. Ikakhala TB, mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi ndipo m'zipatala za boma ndi aulere.

Ma stem cell amayenera kuganiziridwa ndi mayi amene wadutsa zonsezi, khoma n'kukanabe. Ngakhale iyeyo afunse zolembedwa asanatumize dola iliyonse, poti madola enieniwo akuvuta kupeza m'mabanki: maselo achokera mwa iye mwini kapena mwa munthu wina, ndi kafukufuku wolembetsedwa kapena malonda chabe, mtengo ukuphatikiza IVF (kukumanitsa dzira ndi umuna mu labotale) ndi malo ogona kapena ayi, ndipo mwa amayi onse amene anathandizidwa ndi angati anabereka mwana wamoyo. Chipatala chikayankha ndi mavidiyo a amayi othokoza m'malo mwa nambala, kapena chikapereka mtengo chisanaone zotsatira za HSG ndi umuna wa bambo, musalipire.