Ashwagandha, malambe kapena lemon grass: nkhawa ikakula timwe chiyani?

Chilala cha 2024 chitawotcha chimanga changa, tulo tinandithawa. Tambala woyamba ankalira ndili maso, mtima ukugunda ngati ng'oma ya Nyau. Ndinayesa zinthu zitatu zimene anthu amatamanda kuno ku Chipata.

Ashwagandha ndiye wodula, wa makapisozi a m'botolo. Ndi muzu wotchuka ku India, ndipo ogulitsa amati umakonza ma adrenal. Ma adrenal ndi tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timene timatulutsa mahomoni otchedwa cortisol ndi adrenaline munthu akapanikizika. Kafukufuku wina anaonetsadi kuti muzuwu umatsitsako cortisol. Ine unandigonetsa, sindikana. Koma anthu ena unawavulaza chiwindi, umasokoneza chithokomiro, mayi woyembekezera sayenera kumwa, ndipo dziko la Denmark linauletsa mu 2023. Botolo litatha sindinagulenso.

Malambe ndi athu. Pa msika wa Kapata mumawapeza osavuta, mukasungunula ufa wake m'madzi kapena kuthira m'phala. Ali ndi vitamini C wambiri, amenenso ma adrenal amasunga wochuluka. Komabe ndi chakudya basi. Thupi linapezako mphamvu, maganizo a ngongole ya fetereza anali pomwepo.

Amene ndakhala naye ndi lemon grass wa kuseri kwa nyumba. Ndimadula masamba atatu, kuwapinda, kuwiritsa m'kapoto mpaka fungo la mandimu litadzaza khitchini. Alibe caffeine wothawitsa tulo amene amapezeka mu tiyi wamasamba, ndiye usiku savuta. Kunena zoona, mwina chimandithandiza kwambiri n'kukhala pakhonde ndi amayi a kunyumba, kapu ili m'manja, foni ili kuchipinda, tikukambirana za mawa.

Anzanga amene mukumwa ma ARV kapena mankhwala a BP, musayambe zitsamba musanafunse kuchipatala. Chitsamba chotchedwa St John's wort chimafooketsa ma ARV, ndipo muzu wa liquorice umakweza BP.

Izi n'za nkhawa wamba. Ma adrenal akadwaladi, nkhani ndi ina: munthu amawonda, amachita chizungulire akaimirira, amalakalaka mchere, khungu ndi nkhama zimada. Amenewo ndi matenda a Addison, ndipo kuno kwathu nthawi zambiri amayamba ndi TB. Palibe tsamba lochiza zimenezo. Mukaona zizindikirozi kwa m'bale wanu, mutengereni ku Chipata Central Hospital akamuyeze magazi.