Ngalande yapansi yaumitsa bwalo lathu, koma potulukira madzi tinakonza tokha

Nyumba yathu ili ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, chakumunsi kumene malo amatsetserekera kudambo. Amene amaidziwa Angónia akudziwa mvula ya kuno. Anzathu a mumzinda wa Tete akamalira kutentha, ife mu Januwale ndi Febuluwale timakhala tikuponda matope mpaka m'kakolo. Pakati pa khonde ndi khitchini yathu pankadikha chithaphwi chosaphwa, moti kupita kukapala moto kunali ngati kuwoloka mtsinje. Tinathirapo mchenga, unamira. Tinayalapo zibenthu za njerwa, nazonso zinamira. Chaka cha 2022, nthawi ya namondwe Ana uja anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, madzi anakwawira pansi pa chitseko, ndipo khoma la kuchipinda linamera ndere chakumunsi. Apo m'pamene bambo akunyumba anati basi, tifune mmisiri.

Mmisiri amene tinamupeza sanathamangire khasu. Anakumba kadzenje kofika m'bondo, n'kuthiramo ndowa ziwiri za madzi, n'kumapita. M'mawa mwake madzi anali momwemo. Iye anati, "Mayi, pansipa ndi makande okhaokha, sakumwa madzi. Mukathira mchenga pamwamba mukungoveka matope malaya." Ndinaseka, koma ankanena zoona.

Anakumba mu Seputembala, dothi lili gwaa, piki ikuchita kudumpha. Ngalandeyo ndi yotalika mamita 18, kuya kwake masentimita 60, ndipo imayambira pafupi ndi khonde kulowera kumunsi kwa mpanda. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene ankayezera kutsetsereka. Anali ndi kapayipi koonekera mkati kodzaza madzi, mnyamata wake atagwira uku, iye uko, akulemba zizindikiro pa zikhomo. Pa mita iliyonse pankatsika sentimita imodzi. Ndi maso simungaone n'komwe, koma akuti pakapanda kutsika kumeneko madzi amangogona m'payipi. Pena anachita kubwezera dothi n'kusinja chifukwa mnyamatayo anakumba mopitiriza.

Kenako anayala nsalu ija amati geotextile, yodutsa madzi koma yotchinga dothi, n'kuthira miyala yophwanya imene kuno timati brita. Pamwamba pake anagoneka payipi ya PVC ya mamilimita 110 imene anaiboola yekha. Apa tinakanganapo. Ndinaona mabowo ataloza pansi, ndiye ndinati, "Bambo, mwatembenuza payipitu. Madzi satayikira pansi apa?" Anandiyankha mofatsa kuti madzi a m'nthaka amadzaza m'ngalande kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndiye akafika pa mabowowo amalowa msanga n'kumayenda. Mabowo akaloza kumwamba, ngalande imayamba yadzaza kaye, komanso timichenga timagweramo. Anathiranso brita mpaka payipi kubisika, n'kupinda nsalu ija pamwamba ngati akukulunga mkate, kenako mchenga ndi dothi.

Za ndalama ndinene mosabisa: payipi si imene imapweteka. Chimene chinatha ndalama zanga za kachewere wa chaka chimenecho ndi brita ndi galimoto yonyamula. Nsaluyo sitinaipeze pafupi, inachita kuchokera ku Tete, ndipo bambo akunyumba anafuna kuti tiikemo matumba akale a feteleza. Mmisiri anakanitsitsa, akuti matumbawo sadutsa madzi bwinobwino. Pamenepo ndimamuyamika.

Tsopano yaona dzinja kawiri. Mvula ikagwa usiku wonse, m'mawa pabwalo pamakhala ponyowa, inde, koma pofika masana ndimayala mphasa n'kuyanika ufa pamalo pomwe pankalira achule. Ana amapita kusukulu nsapato zili zoyera. Khoma lija tinalipala n'kulipakanso laimu, ndere sizinabwerere.

Koma pa nyenyezi zisanu zoyamikira ntchito, yachisanu sindingamupatse mmisiriyu. Za masiku sindidandaula kwambiri, anati sabata imodzi n'kutha masabata atatu, amisiri ndi momwemo. Chimene chinandiwawa ndi kumapeto kwa payipi. Anangoitulutsa kuseri kwa mpanda n'kuisiya kukamwa kuli yasaa, italoza kudimba la aneba. Mvula yoyamba yamphamvu, madzi onse a pabwalo pathu anakathera m'mabedi awo a repu. Anabwera m'mamawa chitenje chili chonyowa, n'kuima pachipata: "Amake mwana, kodi tinalakwirana chiyani?" Manyazi ake! Takhala moyandikana zaka zonsezi, maliro ndi maukwati tili limodzi, ndiye tidane chifukwa cha payipi? Tinamuimbira mmisiri uja, ulendo woyamba anati akubwera, wachiwiri foni inangoitana.

Tinakumba tokha dzenje lomwetsa madzi mkati mwa malo athu, chakumunsi kwenikweni kumene dothi lake ndi lamchengako, kutali ndi chitsime komanso chimbudzi, n'kulidzaza miyala ikuluikulu. Pofukula kumapetoko tinapeza khoswe atamanga kale chisa m'payipi, udzu ndi timapepala tili thothotho. Panopa pakamwa pake tinamangapo sefa ya waya. Mmisiriyo sanatisiyirenso potsukira, kapayipi koimirira kokhala ndi chivindikiro koti munthu n'kuthiramo madzi kukankha zinyalala, ndipo sanatiuze kuti madzi ambiri a pabwalopo amachokera padenga la malata. Zimenezi tinazindikira tokha titaima pakhonde mvula ikugwa.

Ndikumupatsa nyenyezi 4 mwa 5. Amene mukufuna ntchito yotereyi, mmisiri asanagwire piki ayambe wakulozerani ndi chala pamene madziwo akathere, ndipo ndalama yomaliza musapereke musanathire madzi kumtunda n'kuwaona akutuluka kumunsi. Ife chatsala ndi kuika magatala padenga ndi mgolo wolandirira madzi, tikagulitsa chimanga.