Gel ndi wabwino, koma kanyale kam'bokosimo ayi

Seti imene ndinagula yokongoletsera zikhadabo ndi mapatani otukuka, omveka ukawakhudza, wogulitsa anaitsatsa ndi chithunzi cha nyale youmitsira gel (utoto wa zikhadabo wouma ndi kuwala) ya mawati 48 yolowa dzanja lonse. Chimene chinatuluka m'bokosi ndi kanyale ka mawati 6 kolumikiza ku USB, kokwana zala ziwiri kapena zitatu basi. Pa mtengo umene ndinalipira, kumeneku n'kupusitsa anthu.

Wina anganene kuti nyale ndi nyale. Ayi ndithu. Gel wa 3D amene ali mu setimu ndi wokhuthala ngati phula, ndipo kuti patani ituke pamafunika kumuunjika. Kuwala kwa kanyale kaja kumangoumitsa pamwamba, mkati n'kukhalabe mwamadzi. Ndinaumitsa masekondi 60 monga kapepala ka malangizo kanenera, pamwamba panachita makwinya. Ndinawonjezera mpaka mphindi zitatu, koma nditadina ndi kamtengo, gel wosauma anatumphukira m'mbali. Izi si zoseketsa: gel wosauma akamakhudza khungu pafupipafupi amayambitsa kuyabwa ndi timatuza m'mphepete mwa zikhadabo, ndipo thupi likangoyamba kumukana nthawi zambiri silisinthanso. Wogulitsa nditamutumizira zithunzi anakhala masiku anayi ali zii, kenaka yankho lake linali lakuti ndapaka wochuluka. Wochuluka bwanji, pamene ntchito ya gel ameneyu ndi kutukuka? Za nyale yosiyana ndi ya pachithunzi sanayankhe n'komwe.

Komabe chilungamo chinenedwe. Pa nyale yeniyeni ya LED ya mawati 48, zinthu zomwezo zinagwira ntchito bwino kwambiri, makamaka patani yooneka ngati juzi yoluka. Palani chikhadabo pang'ono ndi chopalira cha nambala 180 (nambala yosonyeza kukhakhala kwake) kungochotsa kunyezimira, pukutani fumbi ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti wa isopropyl. Pakani base coat (gel woyambira wapansi) wopyapyala, umitsani masekondi 60, kenaka gel wa mtundu umene mwasankha kawiri, wopyapyalanso, kuumitsa ulendo uliwonse. Pamwamba pake pakani top coat (gel wotsekera pamwamba) wosanyezimira n'kuumitsa. Tsopano ndi kaburashi kowonda ka m'setimu ndi gel wa 3D uja jambulani mizere yopotana ndi timadontho, ndipo gel asanaume wazani ufa wa acrylic woyera mpaka mizere yonse ikwiririke. Gogodani chala kuti ufa wotsala ugwe, umitsani masekondi 60, n'kusesa ndi burashi youma. Ufawo umamwa gel, ndiye mzerewo umaima osayenderera.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pawiri. Akajambula zala zonse zisanu asanawaze ufa, mizere yoyamba imakhala itaphwasuka kale, choncho chitani chala chimodzichimodzi. Ndipo musapakenso top coat pamwamba pa pataniyo, imadzaza timipata tonse, juzi ija n'kusanduka chigubudu chosalala. Chala chachikulu umitsani pachokha, chifukwa chimagona cham'mbali ndipo kuwala sikuchifika bwino. Mukamva kutentha gel akuuma, tulutsani dzanja masekondi ochepa n'kulibwezeranso; gel wokhuthala amatero.

Timikanda tating'ono ta m'setimu n'tokongola tsiku loyamba lokha. Timakola tsitsi, ndipo tofiira tinasuluka top coat atangotikhudza. Ngati mukutifunabe, tiikeni pa gel wonyowa chapakati pa chikhadabo, kutali ndi nsonga, muumitse, n'kumata ndi top coat m'mphepete mwake mokha. Ufa wa velvet wa m'setimu (waubweya wofewa) nawo umada mukangosamba m'manja kangapo.

Pochotsa musamatule, mumachotsa ndi gawo la chikhadabo chanu chomwe. Palani zotukukazo kaye mpaka zitsike, chifukwa acetone salowa bwino pa gel wokhuthala, kenaka kulungani chala ndi thonje la acetone ndi foil kwa mphindi 10 mpaka 15. Za zimenezi kapepala kawo kalibe ngakhale mzere umodzi.

Patani ya juzi inakhala milungu iwiri osagwa. Ndapereka nyenyezi zitatu chifukwa cha gel, ufa ndi kaburashi. Amene muli kale ndi nyale yamphamvu gulani. Amene mukudalira yam'bokosiyo, muuzeni wogulitsayo akujambulireni bokosi lotsekula musanalipire.