Handibuleki ya batani: patha chaka ndikuyenda nayo m'zitunda za Mzuzu

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Galimotoyi ndinaitanitsa ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Tsiku loyamba dzanja langa linkangofufuza mpini wa handibuleki, koma ayi ndithu, panali kabatani kolembedwa P basi.

Galimoto yanga yakale inali ya mpini. Ukakoka umamva kuti kerekete kerekete, mano akukola, ndipo kebulo yachitsulo yodutsa kunsi imakoka mabuleki a matayala awiri akumbuyo. Kebuloyo ikakalamba imatamuka. Yanga inkafika poti mpini uloze kudenga galimoto ikutsetserekabe, moti ku Masasa kumene ndimakhala ndinali ndi mwala wanga wapadera wopingira tayala. Ubwino wake, makaniko aliyense ankangomanga nati imodzi, nkhani yatha.

Ya batani yangayi ilibe kebulo. Ukakoka kabatani, kompyuta imalamula timamota tiwiri tokhala pa mabuleki akumbuyo, timazunguza sikulu yomwe imakankha mapadi kuti afinye disiki, chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala. Umamva kulira kuti zzzz kumbuyo, kanyali kofiira n'kuyaka. Ponyamuka, ukamanga lamba n'kuponda moto, imamasuka yokha. Apa ndiye inanditenga mtima. Ponyamuka pachitunda, kapena pokwera kuchokera ku Nkhata Bay uli kumbuyo kwa lole yomwe yaima mwadzidzidzi, galimoto siibwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Mayi akunyumba, omwe ankaopa zitunda kwabasi, pano amandilanda makiyi.

Nyenyezi imodziyo ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Mu Juni, m'mawa wina wozizira wa mvula yowaza ija ya kwathu kuno, batire inathera pakhomo. Anyamata apafupi anabwera kuti akankhe, koma matayala akumbuyo anali ndi! Popanda magetsi timamota tija sitizungulira, ndiye buleki siimasuka. Ana anapita kusukulu pa kabaza ine ndikusakasaka wondibwereka batire yoti tijampe.

Chachiwiri chinandipweteka m'thumba. Mapadi akumbuyo atatha ndinapita ku galaja ina yomwe ndinaizolowera. Mnyamata wa pamenepo, poona kuti pisitoni yokankha mapadi siikubwerera, anayamba kuikakamiza ndi chitsulo chofinyira ngati mmene amachitira ndi magalimoto akale. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, simuyamba mwaika makina?" Iye anati, "Bwana, osadandaula, izi timapanga tsiku lililonse." Zotsatira zake kamota ka kumanzere kanawonongeka, ndipo ndinadikira milungu ingapo kuti kena kafike. Makaniko wachiwiri ndi amene anandionetsa njira yake: amalumikiza makina oyezera galimoto otchedwa diagnosis pansi pa chiwongolero, kompyuta n'kubweza masikulu aja m'mbuyo, kenako n'kusintha mapadi. Akamaliza amailamula kuti igwire ndi kumasula kangapo kuti izolowere mapadi atsopano. Ntchito yonse sinakwane ndi ola limodzi lomwe.

Galimotoyo payokha ndilibe nayo chifukwa, ndipo nditati ndigulenso ndingasankhe ya batani yomweyi. Kungoti pano batire ndimaiyezetsa nyengo yozizira isanayambe, ndipo mawaya ojampira amagona m'buti. Mwala uja ana anautenga, akuswera mtedza.