Vectastain Elite ABC pofufuza met-enkephalin mu ubongo wa khoswe

Bokosi la Vectastain Elite ABC lopangidwa ndi Vector Laboratories ndi lodalirika pofuna kuona komwe met-enkephalin (kapuloteni kakang'ono kochepetsa ululu kamene thupi limapanga) imapezeka mu ubongo wa khoswe, koma silimaliza ntchito lokha. La nambala PK-6101 lili ndi seramu ya mbuzi, antibody (puloteni yomatirira pa chinthu chimene imachizindikira) yachiwiri yogwira antibody yoyamba yochokera kwa kalulu, ndi timabotolo tiwiri, A (avidin) ndi B (peroxidase yolumikizidwa ndi biotin). Antibody yoyamba yozindikira enkephalin komanso DAB yotulutsa mtundu wa bulauni mumagula padera, ndiye werengerani ndalama zake musanaitanitse.

Kusakaniza sikuvuta. Thirani madontho awiri a A mu 5 ml ya madzi a mchere otchedwa PBS, kenako awiri a B, n'kudikira mphindi 30. Mukapupuluma, avidin ndi biotin zimakhala zisanagwirane bwino ndipo mtundu umatuluka wotuwa. Mu madzi osakaniza A ndi B (ABC) ndi a DAB musakhale sodium azide ngakhale pang'ono, chifukwa imalepheretsa peroxidase, imene imachititsa DAB kutulutsa mtundu, kugwira ntchito.

Ubongo ulimbitsidwe ndi paraformaldehyde ya 4% yodutsitsidwa m'mitsempha ya magazi, uviikidwe mu sucrose ya 30% mpaka utamira, kenako udulidwe tizidutswa ta ma micron 30 mpaka 40. Yambani ndi kuviika tizidutswato mu hydrogen peroxide ya 0.3%. Mukalumpha apa, maselo a magazi otsalira amada ndi DAB n'kukunamizani.

Zonse zikayenda, mwa zigawo za ubongo, globus pallidus ndiye imaonekera msanga, yodera kwambiri ndi timinyewa tolukanalukana, pamene striatum yoyandikana nayo ili yopepuka mtundu. Mudzaonanso mtundu pakati pa amygdala, mu periaqueductal gray, mu hypothalamus ndi kumtunda kwa dorsal horn ya m'fupa la msana. Chimene chimasokoneza ongoyamba ndi ichi: enkephalin ya mu globus pallidus imapangidwa ndi maselo a mu striatum, koma maselowo saoneka bwino chifukwa amaitumiza msanga kumapeto kwa minyewa. N'chifukwa chake ofufuza akale ankayamba abaya colchicine, mankhwala oletsa kutumizako, mu ubongo kuti enkephalin iunjikane m'maselo. Vuto limeneli si la bokosi.

Mphamvu ya Elite ndi yomweyo imene imabweretsa mavuto: imakulitsa chilichonse, choona ndi chonama. Met-enkephalin, imene Hughes ndi Kosterlitz anaipeza ku Aberdeen mu 1975, ili ndi ma amino acid (tizigawo topanga puloteni) asanu okha, ndipo asanu omwewo ndi amene amayambira kapuloteni kena kotchedwa beta-endorphin. Leu-enkephalin imasiyana nayo pa amino acid yomaliza basi. Choncho maselo akada mu arcuate nucleus, kwawo kwa beta-endorphin, musathamangire kulemba kuti mwapeza enkephalin. Sakanizani antibody yoyamba ndi met-enkephalin yogula, muisiye usiku wonse mu firiji, n'kuiika pa kachidutswa kotsatira. Mtundu uyenera kuzimiririka. Kachidutswa kena kayesedwe ndi antibody yosakanizidwa ndi beta-endorphin, ndipo kena kasalandire antibody yoyamba n'komwe.