Zimbale zisanu za indie rock za 2024, ndi chimene chatsala m'foni mwanga

Chimene chinandilowetsa m'chamba cha indie rock, nyimbo za magitala zimene zinayambira ku makampani ang'onoang'ono oima paokha, ndi dzina la nyimbo. Munali mu 2008, mnzanga wina atandiikira pa fulashi chimbale choyamba cha Vampire Weekend, anyamata a ku New York, ndipo pamndandanda ndinaonapo "Cape Cod Kwassa Kwassa". Ndinaseka chikhakhali. Ife tinakula tikuthyola chiuno ndi Kanda Bongo Man pa zikwati, ndiye ana a kukoleji awa kwasakwasa amudziwira kuti? Nditamva gitala yake ndinawakhululukira, ndipo kuchokera pamenepo sipanadutse chaka ndilibe zimbale zanga zapamtima. Anyamatawo anatulutsanso china mu Epulo 2024, Only God Was Above Us. Nchabwino, koma lero sichili m'bwalo.

Kaweruzidwe kanga nkosavuta. Foni yanga ili ndi malo ochepa, ndiye ikadzaza ndimafufuta. Chimbale chimene chafika Disembala chisanafufutidwe ndiye kuti chili ndi kanthu. Zimene ndikuyerekeza pano ndi zisanu, ndipo ziwiri zoyambazi ndi zimene zinandivutitsa mutu kwambiri chifukwa zili ngati mwana ndi msuweni wake.

Tigers Blood cha Waxahatchee chinatuluka pa 22 Malichi, Manning Fireworks cha MJ Lenderman pa 6 Seputembala. Zonse zinatulukira ku kampani imodzi, Anti-, ndipo Lenderman yemweyo ndi amene akukhwatcha gitala m'chimbale cha Waxahatchee. Waxahatchee si gulu ayi, ndi mayi mmodzi, Katie Crutchfield wa ku Alabama, ndipo dzinalo analitenga ku kamtsinje ka kwawo. Lenderman ndi mnyamata wa ku Asheville ku North Carolina, wobadwa mu 1999, amene ambiri tinamudziwira m'gulu la Wednesday. Onse awiri akuimba rock yonunkhira country, ndipo apa ndi pomwe khutu la Mmalawi lili ndi mwayi. Aliyense amene anakulira m'nyumba momwe bambo ankatsegula Don Williams kapena Jim Reeves Lamlungu masana sangasochere m'zimbale ziwirizi. Fungo lake ndi lomwelo, kungoti magitala awonjezera ukali.

Kusiyana kwake kuli pa chimene aliyense wakupatsa kuti ugwire. Crutchfield wakupatsa mawu ake. Amaimba mokweza, mokhala ngati akutulukira m'mphuno pang'ono, ndipo amapinda zilembo mwa njira yoti ngakhale Chingerezi chake chikudutse, mtima umamva chimene akunena. Mu "Right Back to It" banjo ya Phil Cook ndiyo imayamba, pang'onopang'ono, kenaka mawu a Lenderman amabwera pansi pa a mayiyo, olemera, aulesi, ngati munthu amene akuvomera nyimbo ali chigonere pa mkeka. Nkhani yake ndi ya chikondi chokhalitsa, cha anthu amene akayikiranapo kangapo koma amabwererana. Nyimbo za chikondi chongoyamba kumene zilipo zambirimbiri. Za chikondi cha zaka zambiri nzosowa, ndipo zambiri mwa izo zimagonetsa. Iyi ayi. Chimbale chonse chili ndi nyimbo 12, anachijambulira ku situdiyo ya Sonic Ranch ku Texas ndi Brad Cook, yemwenso anagwira naye chimbale cha Saint Cloud cha mu 2020, ndipo ng'oma akuimba ndi Spencer Tweedy, mwana wa Jeff Tweedy wa gulu la Wilco. Crutchfield anasiya mowa mu 2018, ndipo zimamveka: izi ndi nyimbo za munthu amene akuona zinthu masana dzuwa likuswa mtengo, alibe pobisala.

Lenderman wakupatsa nthabwala. Anthu a m'nyimbo zake ndi amuna ogwa mphwayi, aja amene mkazi wawathawa koma akudzitamabe pagulu. Wa mu "Wristwatch" akuonetsa wotchi yake yodula ndi katundu amene ali naye, pomwe ukamvetsetsa ukupeza kuti munthuyo alibe ndi mmodzi yemwe womufunsa kuti wadzuka bwanji. Tonse timamudziwa bambo ameneyu, amakhala pakona pa bala makiyi a galimoto ali patebulo. Lenderman amamuseka koma samamunyoza, ndipo gitala ikamalowa, yokanda ngati ya Neil Young, umapeza kuti chisoni chakugwira usanakonzeke. Zida zambiri m'chimbalemu anaimba yekha, ku situdiyo ya kwawo konko ku Asheville.

Koma nali vuto kwa ife. Nthabwala zake zambiri zatsamira pa zinthu za ku America: magemu a pa kanema, akatuni, mayina a oimba akale a kumeneko. Kuti useke uyenera kudziwa chimene akutchula, ndipo nthabwala yoti uyambe wafufuza pa intaneti yatha kale mchere. Ine zina ndinazigwira, zina zinandidutsa. Ndiponso chimbalecho chili ndi nyimbo 9 zokha, ndipo yomaliza, "Bark at the Moon", ndi ya mphindi 10 zimene zoposa theka ndi kulira kwa magitala kopanda mawu, kungoti ng'iiii. Tsiku loyamba ndinavula mahedifoni nkuwagogoda pa ntchafu, ndimayesa waya waduka. Alipo amene amati pamenepo ndiye pali luso. Ine ndinamvera mpaka kumapeto kawiri, kachitatu ndinadumpha, ndipo sindinabwererenso.

Ndiye pa awiriwa, amene mumakonda gitala yolira ndipo Chingerezi cha ku America mumachimva mpaka m'miyambi yake, tengani Manning Fireworks. Amene mukufuna chimbale choti mutsegule mukuchapa, mukuyendetsa, kapena muli ndi alendo osadziwa nkomwe kuti indie ndi chiyani, Tigers Blood sichingakuchititseni manyazi.

Tiwoloke nyanja. Romance cha Fontaines D.C. ndi This Could Be Texas cha English Teacher ndi zimbale za magulu, osati za munthu mmodzi, ndipo country mulibemo ndi dontho lomwe.

Fontaines D.C. ndi anyamata a ku Dublin amene tsopano anakhazikika ku London. Ndinawakonda mu 2019 ndi chimbale chawo choyamba, Dogrel, pomwe woimba wawo Grian Chatten ankangolankhula mokalipa pamwamba pa ng'oma zothamanga, kalankhulidwe ka ku Dublin kali tayale. Zimbale zitatu zoyamba anajambula ndi Dan Carey ku kampani ya Partisan. Pa chachinayichi, chimene chinatuluka pa 23 Ogasiti, anasintha zonse: anapita ku XL Recordings, anatenga James Ford amene amadziwika ndi ntchito ya Arctic Monkeys, ngakhale zovala anayamba kuvala zowala ngati za ana a sukulu ya mkaka. "Starburster" ndiyo nyimbo imene inandigwira pakhosi kuposa ina iliyonse m'chaka chonse cha 2024. Chatten anailemba atagwidwa ndi mantha adzidzidzi pa siteshoni ya sitima ya St Pancras ku London, aja oti mpweya umakana kulowa, ndipo m'kolasi amakoka mpweya mwamphamvu ngati munthu amene wangovuuka m'madzi. Ukaimvera pa sipika yabwino umapezeka nawenso wagwira mpweya. Yotsekera, "Favourite", ndi yofewa, yowala, yoti nkuimbira mnzako wakalekale.

Chovuta nchakuti pakati pa nyimbo ziwirizi pali zina zimene zinapangidwira bwalo lalikulu la mpira, osati chipinda changa. Mavayolini ambiri, phokoso lotambalala, zonse zosalala bwino. Ndikumvetsa, gulu likakula limafuna nyimbo zoti anthu zikwizikwi aimbire limodzi. Koma Dublin uja wandisowa. Pa nyimbo 11 ndinasunga zinayi, zina ndinafufuta mu Okutobala.

English Teacher ndi achinyamata anayi amene anakumana ku sukulu ya zoimbaimba ku Leeds, ndipo ichi ndi chimbale chawo choyamba. Chinatuluka pa 12 Epulo, ndipo mu Seputembala chinapata mphoto ya Mercury, imene imapita ku chimbale chopambana cha ku Britain ndi Ireland pamodzi ndi mapaundi 25,000. Aka kanali koyamba kuti mphotoyo ipite kwa oimba ochokera kunja kwa London chipatire Young Fathers a ku Edinburgh mu 2014. Woimba wawo, Lily Fontaine (dzina kungofanana ndi gulu lija, palibe ubale), anakulira ku Colne, katauni kakang'ono ka ku Lancashire, ndipo nyimbo zambiri zikukamba za moyo wa m'katauni kotero, komwe aliyense amadziwa agogo ako. Apa ndinamva ngati akunena za pa boma pathu. Maimbidwe awo ndi osakhazikika: nyimbo imayamba ndi piyano, kenaka besi yathamanga, kugunda kwasintha, iye wasiya kuimba wayamba kulankhula. Poyamba zimatopetsa, ngati mwana wanzeru amene akufuna kukuonetsa zonse zimene waphunzira tsiku limodzi. Pofika ulendo wachisanu ndi pomwe ndinayamba kuona kuti chilichonse chili pamalo pake.

Okonda kukangana adzati chimbalechi si indie chifukwa chinatulukira ku Island, imene ili pansi pa Universal. Nzoona, dzina loti indie linachokera ku makampani ang'onoang'ono oima paokha, ngati Anti- ndi XL. Koma Island yomweyo ndi imene inatulutsa Bob Marley, ndipo sindinamvepo rasta aliyense akumubweza pa chifukwa chimenecho. Pa ziwirizi, Romance chimakugwira tsiku loyamba nkuyamba kukusiya. This Could Be Texas chimakukana tsiku loyamba nkuyamba kukugwira. Chachiwiricho chikadali chonse m'foni, nyimbo zake 13.

Chachisanu chilibe mnzake woyerekeza naye, ndipo mwina chikanakonda zomwezo. Diamond Jubilee cha Cindy Lee chinatuluka pa 29 Malichi popanda kampani yochilengeza, popanda kuchiika pa Spotify. Cindy Lee ndi Patrick Flegel wa ku Canada, amene kale anali m'gulu la Women la ku Calgary, ndipo pa siteji amavala diresi ndi wigi. Anangochiponya pa YouTube chonse chathunthu, nyimbo 32, maola awiri, popanda podumphira, nkuikanso mafayilo ake pa katsamba ka intaneti kooneka ngati ka m'ma 1990, ndi pempho loti amene angathe aponyepo kangachepe. Pitchfork, tsamba la pa intaneti lotchuka pounika zimbale, inachipatsa 9.1 pa 10, ndipo anthu amene anali asanamvepo dzinalo anayamba kulitchula ngati la mlamu wawo.

Kamvekedwe kake ndikafanizire chonchi. Amene munagwirapo wailesi ya shotiwevu usiku, mukupotokola kufuna siteshoni yakutali, nyimbo nkumabwera, nkumapita, mphepo ili fuu pakati: ndi chimenecho. Nyimbo zake zili ngati za magulu a atsikana a ku America a m'ma 1960, koma zomvekera kuseri kwa khoma, gitala ikulira yokhayokha. Pali mphindi zina zokoma moti umaima chilili. Palinso mphindi zambiri zoti umadzidzimuka kuti kodi ikadali yomwe ija.

Tsono mtengo wake kwa ife si wa ndalama yopereka kwa woimba, ndi wa bandulo. Mafayilo ake ndi a mtundu wa WAV, amene amadya pafupifupi mamegabayiti 10 pa mphindi, ndiye maola awiri apitirira gigabayiti. Ndinayesa usiku wina ndi bandulo ya usiku, foni ili pa zenera pomwe netiweki imagwirako bwino, ine ndili m'bulangete. Chinafika chapakati, magetsi anazima, netiweki inapita nawo, ndipo m'mawa ndinapeza kafayilo kosatseguka ndi bandulo yotheratu. Kuchimvera pa YouTube nkotheka mukatsitsa kanemayo pa mlingo wotsikitsitsa, popeza chithunzi chake sichisuntha, koma foni ikangokhoma sikirini nyimbo yaima. Chakumapeto kwa chaka chinafika pa Bandcamp, tsamba logulitsira nyimbo pa intaneti, zomwe zapeputsako zinthu kwa amene ali ndi khadi logulira pa intaneti. Ndachimvera chonse katatu kokha. Ndimachilemekeza, ndimachitchula ndikafuna kuoneka wozama, koma m'foni mulibe.

Choncho pofika Khirisimasi munatsala This Could Be Texas chonse, nyimbo zinayi za Romance, nyimbo zisanu ndi zitatu za Lenderman popanda ija ya ng'iiii, ndi Tigers Blood chimene sindinachotsepo ngakhale imodzi. Pa tsikulo tinali kumudzi, kasipika kali pa mpando pakhonde, mayi akusenda mbatata, malume atakhala pa mpando wandalema akudikira nkhuku ipse. Ana anali ataliza amapiano kuyambira m'mawa mpaka foni yawo inatha moto, ndiye mpata unagwera ine. Ndinatsegula "Right Back to It" ndili ndi mantha kuti andiuza ndizimitse.

Banjo italowa, malume anatukula mutu.

"Kodi mphwanga, ameneyu ndi Dolly Parton?"

"Ayi malume, ndi wina, wa ku Alabama. Ndi wa masiku ano."

Anamvetsera mpaka mawu a Lenderman atalowa, akugwedeza phazi limodzi lokha, lija la nsapato yoduka chingwe.

"Mwamunayo ngwaulesi," anatero. "Koma mkaziyo amaimba. Tabwezanso."