Bolodi yosemetsa patapita miyezi: pa funde ndi yabwino, vuto lili kumchira

Lisiti ya wokonza mabolodi ndi imene yandibweretsanso kuti ndilembe. Nditangolandira bolodi yokwerera mafunde a m'nyanja (surfboard) imene ndinasemetsa ndinaitamanda kwambiri, ndipo zambiri zimene ndinanena sindikuzibweza. Koma pano yamwa mchere kwa miyezi ndithu, yalowapo kale kokonzetsa, ndiye pali zoti ndiwonjezere.

Kwa amene simunaione: ndi 6'2" mulitali, 20 1/2" mulifupi, 2 5/8" kuchindikala, malita 36, monga wosema analembera ndi pensulo pa stringer, kathabwa kaja kodutsa pakati. Mkati ndi foam ya PU (polyurethane), kunja nsalu ya fiberglass yomatidwa ndi resin ya polyester, guluu wouma n'kulimba. Mabokosi olowetsamo zipsepse, kunsi kwa mchira, ndi asanu.

Kupalasa siivuta, imalowa funde msanga. Kuimiza pansi pa funde losweka kumatheka bwinobwino. Pomangira leash, chingwe chomanga bolodi kumwendo, sipanagwederepo. Yayamba kuchita chikasu, koma PU ikamaona dzuwa imatero. Timaenje ta zidendene pamwamba tilipo tambirimbiri, chifukwa nsalu yake ndi yopepuka, yolemera 4 oz, kawiri pamwamba, kamodzi pansi. Zimenezo sizindisowetsa tulo.

Chimene sindinkayembekezera ndi mmene imasinthira ukachotsa chipsepse chapakati. Poyamba ndinkaikwera ndi zitatu, thruster, mmene ambiri takhala tikuchitira kuchokera pamene katswiri wokwera mafunde Simon Anderson anabwera nayo mu 1980 n'kupambana nayo mpikisano ku Bells Beach, ku Australia, mu 1981. Pa mafunde ofika pachifuwa inkakhota bwino, koma akakhala aang'ono ndi ofooka ndinkamva ngati wina akuikoka kumchira. Tsiku lina la mphepo, nyanja ili yosokonekera, ndinaika zinayi. Funde loyamba linali lofika m'chiuno basi, lokhala ndi kachigawo kakufa pakati, pamene nthawi zonse ndimathera mphamvu n'kumira. Bolodi inangodutsa, osaipopa ndi miyendo n'komwe, mpaka ndinakapeza khoma lina kutsogolo. Chifukwa chake n'chosavuta: pakati pakakhala popanda chipsepse madzi amatuluka kumchira mosatsekerezedwa, ndipo kunsi kwake anakumba concave, kachigwa kodutsa madzi, imodzi kutsogolo yogawika pawiri kumbuyo. Kuyambira pamenepo chapakaticho chimangokhala m'chikwama. Funde likaima kwambiri n'kupitirira mutu, mphuno imafuna kulasa madzi popeza rocker yake, kupindika kwa bolodi kuchokera kumphuno mpaka kumchira, ndi yochepa, koma zimenezo wosemayo anandichenjeza tisanagwirizane.

Tsopano bokosi. Lakutsogolo, mbali ya chidendene. Poyamba unali kamng'alu kopyapyala kozungulira m'mphepete mwake, kooneka pokhapokha ukapendeketsa bolodi padzuwa. Sindinagunde mwala, sindinakhule mchenga. Ndinamata ka resin kouma ndi dzuwa, n'kupitiriza. Mng'alu unabwerera pamalo omwewo, wotalikirapo. Kenako ndikatsamiritsa bolodi kukhoma, timadontho tinkatuluka pamenepo n'kusiya kamzere koyera ka mchere, foam yozungulira n'kuyamba kuda. Mapeto ake ukagwira chipsepse, bokosi lonse linkagwedera ngati dzino lofuna kuchoka, ndipo pokhota mwamphamvu pansi pa funde mchira unkaterereka pang'ono usanagwire.

Wokonza atapala pamalopo anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Mabokosi amtunduwu amaikidwa nsalu isanakutidwe, ndipo pamwamba pake pamafunika kachigamba kowonjezera. Popeza pamakhala potukuka, wopala ndi sandipepa akalemetsa dzanja amadya nsaluyo. Pa yangayi mbali imodzi ya bokosi panalibiretu ulusi, panali resin yokhayokha, ndipo resin payokha siichedwa kusweka. Anachotsa bokosi, anadikira kuti foam iume, anaika foam yolimba n'kubwezeretsa bokosi pa ngodya yake. Ntchito yabwino, koma ndalama yake ndikanagulira zipsepse zatsopano ndi leash, chenji n'kutsala.

Ndinatumiza zithunzi kwa wosema uja. Nthawi yopereka dipoziti ankayankha uthenga ndisanaike foni m'thumba; ulendo uno kunali zii. Atayankha anati, “Bwana, ine ndimasema basi, zokuta nsalu amachita anthu ena.” N'zoona, osema ambiri amatumiza mabolodi kwina kokakutira. Koma ndalama yanga inapita kwa iye, chizindikiro cha malonda chili pa bolodi ndi chake, ndipo anthu enawo sindinawaonepo. Kenako anati mwina ndinathamangira kuilowetsa m'madzi resin isanakhwime. Bolodi yatsopano ya polyester amati izikhala kaye milungu ingapo, ndipo yanga inakhala. Komanso resin yosakhwima imabweretsa timaenje pamwamba, siichotsa ulusi pa bokosi. Nditamuonetsa chithunzi cha pamalo popalidwapo anasiya kutsutsa, koma za lisiti sanafune kumva. Chimene analonjeza ndi kunditsitsira mtengo pa bolodi yotsatira, kutanthauza kuti ndimupatsenso ndalama kuti ndipezeko yanga.

Mukandifunsa ndikutuluka m'madzi tsiku la mafunde aang'ono, ndinena kuti sindinakhalepo ndi bolodi yondiyenera chonchi, ndipo munthuyu anamvetsa msinkhu wanga ndi kakweredwe kanga kuposa mmene ndinamufotokozera. Mukandifunsa ndili ndi lisiti m'manja, ndiwerengera kuti ndinalipira kuposa yogula yopangidwa kale, ndinadikira kupitirira tsiku limene analonjeza, ndawonjezera zokonzetsa, ndipo ndikafuna kuigulitsa wogula adzaona chigamba kumchira ndi dzina langa pa stringer n'kugwetsa mtengo.

Mabokosi anayi otsalawo ndimawapendeketsa padzuwa nthawi iliyonse ndikatsuka bolodi. Mpaka pano ali bwino. Wosemayo ndamulembera kuti kuchotsera kwakeko ndikulandira ngati talemberana zinthu zitatu: nsalu ya 6 oz ndi 4 oz pamwamba, zigamba pa mabokosi onse, ndiponso kuti bokosi likagwedera popanda kugunda kanthu wokonzetsa ndi iye. Ziwiri zoyambazo wavomera. Chachitatucho akuti akambirane kaye ndi okuta nsalu, ndiye dipoziti sindinatumize.